Za Njira za Dziko la Ntcheu, ndi Zimene Zinayendamo

Inu akatekisiti amene musunga nthambi za misoni ino ya Nzama: pa masamba ena a kabuku aka ka jubile muwerenga za ansembe, za matchalitchi ndi za sukulu. Ife tapatsidwa kulemba za dziko limene Mpingo unabzalidwamo, ndiko kunena za chuma chake, nthenda zake, njala zake, ndi m'mene anthu anadzukiranso atagwa m'tsoka. Ndipo poyesa kulongosola zinthu izi tapeza kuti zonse zimangika pa chinthu chimodzi, ndicho njira. Pakuti dziko la Ntcheu likhala pakati: kumwera kuli Blantyre, kumpoto Lilongwe, kum'mawa chigwa cha Bwanje ndi nyanja, kumadzulo Angonia wa ku Mozambique, ndipo nzochepa zabwino kapena zoipa zinagwera dziko la Malawi zimene sizinapite pakhomo pathu. Tsono tifuna kuonetsa chimene makolo athu anachidziwa ndi mapazi awo, kuti njira zotulutsa anthu ndi dzinthu zinalambulidwa msanga, koma njira zobweretsa thandizo zinachedwa, ndipo zina zichedwabe.

Pa 25 July 1901, tsiku la Yakobo Woyera, Abambo atatu a chipani cha Montfort, ndiwo Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Antoine Winnen, anafika pano pa Nzama, nalandiridwa ndi mfumu Njobvuyalema. Anadzera njira ya Azungu onse a masiku aja: pa nyanja yamchere, pa sitima yaing'ono ya mumtsinje kukwera Zambezi ndi Shire, ndipo pamtunda ndi miyendo ndi machila. Panalibe njanje, panalibe galimoto. Bokosi lililonse la mabuku, la mankhwala, la zovala za Misa, linakwera mapiri ano pamutu pa munthu. Ndipo nkoyenera kuti pa jubile tikumbukire amtengatenga aja, amene mabuku a mbiri akonda kuwapitirira.

Dziko limene Abambowo analipeza linali lovulala. Zaka zisanu zokha zinali zitapita chiphedwere Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, amene asilikali a Boma la Angerezi anamuwombera mu 1896. Ndiponso mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anali atagawana dziko la Angoni a kwa Maseko, naika malire pa msana wa mapiri, pamene madzi apatukana, ena kutsikira ku nyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi. Malirewo anapita pakati pa abale, ndipo phiri la Domwe linatsala mbali ya Apwitikizi. Owerenga asunge chinthu ichi mumtima, pakuti tidzachipezanso patsogolo. Kunena za mapiri, si Abambo athu okha anawafuna. A Misoni ya Livingstonia anayamba ntchito m'chigwa cha Livulezi mu 1887, koma malungo anawasautsa, ndipo Dr George Henry wa pamenepo anamwalira mu 1893. A Dutch Reformed, amene analandira malowo, anakwera ku Mlanda mu 1902. Chomwecho udzudzu unathandiza kusankha malo a mamisoni, angakhale pa nthawiyo anzeru anali atangoyamba kuzindikira kuti ndiwo ubweretsa malungo. Ndipo sukulu ndi tizipatala toyamba zinamangidwa kumtunda, kumene kuli mphepo yabwino ndi njira zoipa.

Njira yoyamba imene Boma linaisamala inali ya msonkho. Pa zaka zoyamba za misoni yathu msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi anapereka 3 okha. Ndipo popeza kuno kunalibe msika wogulitsirako chimanga kapena nyemba ndi kulandira ndalama, amuna anatsika mapiri kunka ku minda ya khofi, ya thonje ndi ya fodya ya ku Blantyre ndi Zomba, ndi pambuyo pake ku tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje. Eni minda aja anafuna antchito makamaka pa dzinja, ndiyo nyengo yomweyo imene munda wa munthu mwini ulira khasu. Kotero kupalira kunatsalira akazi ndi nkhalamba. Posachedwa anyamata anamva kuti malipiro a ku Harare ndi a ku migodi ya ku Joni aposa a kuno, nayamba maulendo a masabata ambiri, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi pa bwato. Ena anabwera ndi njinga, makina osokera ndi jekete. Ena anabwera ndi chifuwa cha m'migodi. Ena sanabwere konse, ndiwo amene tiwatcha matchona. Akatekisiti akale anaudziwa bwino mlandu umene maulendo awa anabala, wa mkazi wa ukwati wa mu tchalitchi amene mwamuna wake wakhala zaka khumi osatumiza kalata, ndipo iye sadziwa ngati ali mkazi wa mwini kapena wamasiye.

Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 njira inameza anthu koposa kale. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko la Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali kumpoto ndi m'dziko la Ajeremani, ambiri mokakamizidwa, ndipo njala ndi kamwazi zinapha ochuluka koposa zipolopolo. Kumapeto a 1918, otsala ali kubwerera kwawo, chimfine chachikulu chija chimene chinazungulira dziko lonse lapansi chinadza m'mapazi mwawo, nichilowa m'midzi imene inalibe dokotala.

Njanje inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935, chaka chimene ulalo waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, inapitirira kudzera ku Balaka, Bilila ndi Sharpevale kufikira ku Salima. Anthu a m'chigwa cha Bwanje anapindula nayo pang'ono, pakuti thonje lawo linapeza potulukira. Koma njanje inatsata chigwa, ndipo ife a kumapiri tinangomva mbiri yake. Wofuna kukwera sitima anayamba watsika ndi miyendo ulendo wa tsiku lathunthu kapena kuposapo. Ndiponso ngongole ya njanje ya ku Beira ndi ya ulalo uja inalemera pa chuma cha Nyasaland zaka zambiri, kotero kuti ndalama zimene zikadamanga miseu ya m'midzi ndi zipatala zinanka kukalipira chiwongoladzanja. Mlimi wa ku Tsangano analipira sitima imene sanaione.

Tifike tsono pa njala ya 1949, imene okalamba athu awerengera nayo zaka za kubadwa kwawo. Mvula inayamba bwino kumapeto a 1948, anthu nabzala. Koma itafika nyengo ya Krisimasi inaleka, ndipo dzuwa linaomba masabata ambiri kufikira chimanga chinapserera m'minda. Tsoka linakula koposa m'zigwa za kumwera, makamaka m'dziko la Blantyre, ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Ndipo taonani m'mene njira inalowera m'nkhani iyi. Mu 1948 madzi a Shire anali atakokolola ulalo wa njanje pa Chiromo, ndipo watsopano sunathe kufikira 1950. Chomwecho chimanga chimene Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linagula kunja chinayenera kuima pa Chiromo kudikira kuwolotsedwa pamadzi, pamene anthu analikudikira ndi mitanga yopanda kanthu.

Chimanga cha Boma chisanafike, anthu anatsata njira zakale za miyendo, nakwera ku mapiri a Neno, a Mwanza ndi a kuno ku Ntcheu, ena napitirira kulowa m'dziko la Apwitikizi, pakuti kuzizira ndi chinyontho cha kumtunda zinasunga mbewu zina. Anadza kudzasuma: kulima munda wa mwini tsiku lonse ndi kulandira chimanga cha m'lichero, kapena kusinthanitsa mbuzi, nsalu, mbale, ngakhale khasu lenilenilo. Tisadzitame kopambana pa ichi, pakuti wosuma salandira mwaulere, ndipo mtengo wa m'njala uikidwa ndi mwini nkhokwe. Komabe nchoona kuti nkhokwe za kumapiri zinasunga miyoyo imene sitima sikadaifikira pa nthawi yake. Chowawa china nchakuti amuna ambiri amene ananka kukasuma anakwatira kumene anapeza chakudya, osabwereranso. Ndipo pogawa chimanga chaulere Boma linayesa mkazi wokwatiwa ngati wokhala ndi womudyetsa. Kotero akazi osiyidwa, pamodzi ndi ana awo ndi nkhalamba, ndiwo anazunzika koposa onse.

Njala itapita, Boma linati cholakwa chili ndi kalimidwe ka anthu, nilikhwimitsa malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, migula ya m'mapiri, ndi chindapusa kapena ndende kwa wokana. Nzeru yosunga nthaka siinali yoipa ai, ndipo Inkosi Philip Gomani wachiwiri anali mmodzi wa mafumu amene anailimbikitsa poyamba. Koma chabwino chikadza ndi chikoti chisanduka chowawa. Mu 1953, pokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi anauza anthu awo kuti aleke kumvera malamulowo. Boma linawachotsa paufumu, nilituma apolisi ku Lizulu. Iwo, ali odwala, anawoloka malire pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza, ndipo anamwalira m'chipatala cha Malamulo mu 1954.

Ufulu unadza mu 1964. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 mseu wa phula wochokera ku Zomba kunka ku Lilongwe unapita pakati pa dziko lathu, ndipo mu 1975 likulu la Boma linasamukira ku Lilongwe. Pamenepo dziko la Ntcheu linakhala pa njira ya pakati pa mizinda iwiri yaikulu. Apa mpamene njira inayamba kubweza kanthu kwa mlimi wa kumapiri. Mbatata ya kachewere, kabichi, matimati, anyezi, nyemba ndi mapichesi zinapeza ogula, ndipo misika ya pa Lizulu, pa Mlangeni ndi pa mphambano ya ku Tsangano inakula kufikira kudyetsa Blantyre ndi Lilongwe yemwe. Kuyambira cha ku Biriwiri kunka ku Lizulu mseuwo uyenda pa malire enieni, kotero kuti munthu aimika njinga m'Malawi nakagula nyemba m'Mozambique asanatsirize kupereka moni. Ndipo pa zaka zomwezo khomo la ku migodi linayamba kutsekeka. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa pa Francistown, nipha Amalawi 74, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kunaloledwanso mu 1977, koma mu 1988 maulendo a Teba anatha pa mkangano wa kuyeza magazi. Ana a amuna okumba golide anatembenukira ku dimba.

Koma phindu la mseu lichepa monga munthu atalikira phula. Kachewere ndi matimati sizidikira monga chidikira chimanga m'nkhokwe, zivunda. Mlimi wa m'mbali mwa mseu akhoza kukana mtengo woipa, podziwa kuti galimoto ina ili m'mbuyo. Koma wa kuseri kwa mapiri, kumene lole ifika mwa kamodzikamodzi, ndipo pa dzinja siifika konse, agulitsa pa mtengo umene wogula atchula. Thukuta ndi lomwelo, feteleza agula pa mtengo umodzi kapena woposa, koma ndalama zisiyana.

Palibe chinayesa dziko la Ntcheu m'zaka za ufulu monga nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Tinayamba kuimva m'thumba: pofika 1984 njanje za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitadulidwa, ndipo feteleza ndi mafuta zinayenera kuzungulira pa malole kuchokera ku madoko akutali monga Durban, mitengo yake nikwera. Kenaka tinaimva ndi makutu. Pa 30 October 1985 ansembe awiri a chipani cha Yesu, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia komweko, ndi Bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku pa Chapotera, kufupi ndi misoni ya Lifidzi, naphedwa. Ndipo kuyambira 1986 tinaiona ndi maso, pamene midzi yathunthu inawoloka malire, akazi atasenza miphika ndi mphasa, ana alikukusa mbuzi zimene zinapulumuka. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi monse anapitirira 1,000,000, ndipo boma la Ntcheu linali limodzi la maboma amene analandira ochuluka.

Chimene tifuna kuti chisaiwalike ndicho m'mene analandiridwira. Kumwera ambiri anaikidwa m'misasa yaikulu, monga wa Mankhokwe ku Nsanje. Koma kuno ndi ku Dedza ochuluka anamanga m'midzi mwathu momwe, pakuti anali a mfunda umodzi ndi ife, a chinenero chimodzi, ovina ngoma imodzi. Malire a 1891 aja anali atalephera kudula chibale. Mafumu anagawa malo omangapo. A UNHCR ndi a World Food Programme anabweretsa ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza, a Red Cross ya Malawi nagawa. Ndipo Akristu a mbali ziwiri zonse anagwada m'matchalitchi amodzi, amene anachepa.

Ndipo ulipo umboni wa achipatala wakuti kulandira kotere kunali mankhwala. Mu 1989 ndi 1990 mtedza unasowa pa chakudya chogawidwa, anthu nakhala miyezi alikudya nsima ndi nyemba pang'ono. Pamenepo inabuka nthenda yotchedwa pellagra, imene igwira munthu wodya chimanga chokhachokha: khungu lida ndi kusenda pakhosi ndi pamikono pamene dzuwa liomba, m'mimba mutseguka, ndipo potsiriza mutu usokonezeka. Mu 1990 mokha odwala anapitirira 18,000 mwa othawa nkhondo a m'Malawi, akazi koposa amuna. Madokotala a Médecins Sans Frontières, powerenga odwalawo, anapeza kuti nthendayo inakula m'misasa, nichepa mwa iwo okhala m'midzi pakati pa eni dziko, ndi mwa iwo amene anali ndi kadimba kapena popeza mtedza ndi nsomba. Ndiko kunena kuti kachigawo ka dimba kamene munthu anabwereka mlamu wake kanachita chimene lole ya thandizo inalephera.

Ulendo wa alendowo unali ndi mtengo wake: minda inapanikizana, nkhuni zinatalikira, ndi zipatala zinadzaza. Unali ndi phindu lakenso, pakuti mijigo inakumbidwa, ndi miseu ina ya m'midzi, imene inaiwalika chiyambire, inakonzedwa kuti malole a chakudya apite. Chaka cha 1992 chinasenza zonse pamodzi. Kunagwa chilala chachikulu m'maiko onse a kumwera kwa Afrika, ndipo mwini mudzi ndi mlendo anaima pa mzere kulandira chimanga chachikasu cha kunja. Pa 8 March kalata ya Maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi onse. Anthu aikumbukira chifukwa cha ndale, koma akatekisiti amene anaimva adziwa kuti inanenanso za malipiro ochepa, za mitengo imene mlimi alandira, ndi za zipatala zodzaza zosowa madokotala. Ndipo pa 4 October pangano la mtendere wa Mozambique linasainidwa ku Roma. Ambiri a ku Angonia sanadikire galimoto. Anabwerera ndi miyendo monga anadzera, ndipo pofika 1995 ntchito yobweza othawa nkhondo inali itatha.

Akulu anati walira mvula walira matope. Mseu umene unabweretsa ogula unabweretsanso nthenda ya Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, nikula msanga m'malo amalonda mmene malole agona, nikwera kumidzi pambuyo pake. Inatenga aphunzitsi, anamwino, alimi a mphamvu ndi atsogoleri a Mpingo, nisiya agogo alikulera adzukulu. Zaka zambiri panalibe mankhwala ofikira wosauka, ndipo chipatala cha wodwala chinali mphasa ya m'nyumba mwake, ndi amayi a m'miphakati amene anamtungira madzi, namphikira phala, namsambitsa. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Koma ngakhale pamenepo, pa zaka zoyamba, wakumidzi anayenera kupeza ndalama ya ulendo wa ku boma kuti akalandire chinthu chaulere.

Njala ya 2002 isiyana ndi ya 1949 pa chinthu chimodzi chochititsa manyazi: dziko linali ndi nkhokwe, koma pa tsiku la tsoka nkhokweyo inapezeka yopanda kanthu. Mvula yochuluka ya 2001 inachepetsa zokolola, angakhale sizinachepe monga pa chilala cha 1992. Koma chimanga chosungidwa cha dziko, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa, china kunja, china kwa amalonda a momwe muno. A International Monetary Fund anali atalangiza kuchepetsa nkhokwezo. Amene anazisesa kufikira pansi anali athu omwe. Chimanga choitanitsa ku South Africa chinachedwa m'njira, pa njanje ndi pa madoko, ndipo mtengo unakwera kangapo m'miyezi yowerengeka. Anthu anadya madeya, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, ndipo nthenda ya kolera inagwira oposa 30,000 m'nyengo imodziyo. Ansembe ndi mabungwe anafuula Boma lili chikanire, kufikira pa 27 February 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa tsoka.

Pa zaka zimenezo, ndi pa njala ya 2005, chimanga chambiri cha pa misika ya m'malire chinachokera ku Mozambique, pa njinga ndi pa ngolo, m'tinjira topanda chipata. Amene tinawabwereka malo mu 1986 anatigulitsa chakudya mu 2002. Ndipo njanje, imene ikadanyamula thandizo kunka ku chigawo chapakati, inaduka mu January 2003, pamene mtsinje wa Rivirivi, wochokera m'mapiri athu omwe ano, unakokolola ulalo wake kufupi ndi Balaka. Sitima siinawolokenso pamenepo kufikira 2005.

Phiri lopanda mitengo litaya madzi ake onse pa dzinja, niliwasowa pa chilimwe. Damu la Mpira, m'nkhalango ya Mvai, linamangidwa kumapeto a zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro a m'ma 1990, kuti madzi ake atsike okha m'mipopi, popanda injini, kufikira midzi ya Ntcheu, ya Balaka ndi kupitirira. Inali imodzi ya ntchito zazikulu za madzi a kumidzi m'dziko lino. Mu 2018 linaphwa, ndipo amayi a midzi yambiri anabwerera kukafukula mchenga m'mitsinje. Alipo ena anena kuti mitengo ya Ntcheu inatha ndi othawa nkhondo. Inde, nkhuni zambiri zinadulidwa masiku aja. Koma alendowo anali atachoka zaka zoposa makumi awiri damu lisanaphwe, ndipo matumba a makala amene aima m'mbali mwa phula, kudikira magalimoto a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, sanaotchedwe ndi iwo.

Za masoka a zaka zaposachedwa sitichulukitsa mau, pakuti owerenga anaziona okha: madzi osefukira a January 2015, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022, amene anagumula damu la magetsi la Kapichira, kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anakwirira midzi ya kumwera ndi matope, ndi ng'amba ya 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza tsoka m'maboma 23 mwa 28. Mbiri ya tsoka ifulumira tsopano koposa kale, pakuti katekisiti aimba lamya madzi asanatsike. Ilipo nthambi ya Boma yoona za masoka, lilipo bungwe la CADECOM la Mpingo wathu, ndipo ngakhale ndalama za thandizo zifika pa lamya. Koma thumba la chimanga silikwera pa lamya. Lifika pamene lole ilekeza, ndipo kaulalo ka matabwa kakakokoloka, otsala tsidya lija alandira potsiriza, angakhale ndiwo anagwa poyamba.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Chipatala chachikulu cha Boma chili pa boma pomwe, kufupi ndi phula. Kumidzi ntchito igwidwa ndi zipatala zazing'ono, zina za Boma, zina za mipingo, monga za Nzama, Nsipe, Gowa, Mlanda ndi Ntonda, zimene zigwirizana m'bungwe la CHAM. Zambiri zasintha, ndipo tiyamika Mulungu. Nthomba, imene inasiya zipsera pankhope za agogo athu, inalengezedwa mu 1980 kuti yatha pa dziko lonse. Khate, limene odwala ake kale ananka kukakhala ku Utale ndi ku Mua, lichizika tsopano ndi mapiritsi munthu ali kwawo. Koma chipatala chaching'ono siching'amba munthu. Mayi amene mwana wapingasa ayenera kufika pa boma m'maola owerengeka, ndipo nchifukwa chake anamwino auza amayi akutali kuti adze ku chidikiro masiku asanakwane, atasenza ufa ndi nkhuni zawo. Mseu wa phula wochokera pa mphambano kudzera ku Tsangano kunka ku Neno ndi Mwanza, umene ukadatsegula msana wa mapiri ano, unalonjezedwa ndi maboma otsatizana. Ndipo pamene ntchito inayamba, m'manja mwa asilikali a dziko lathu, inayenda pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo. M'midzi ya kuseri, mu January ndi February, pamene njinga yamoto ya kabaza ilephera matope, anyamata a mphakati adula mitengo iwiri, namangapo bulangete, nasenza wodwala pamapewa kufikira pamene galimoto ingafike. Chonyamuliracho achitchabe machila, ndipo ulendo ukakhala wautali pafunika amuna asanu ndi atatu, anayi osenza, anayi olandira.